Galafu ikusunthira kuti? Njira imene inandithandiza

Pokonzekera mayeso a algebra, chimene chinkandizunguza mutu ndi kusuntha kwa magalafu. Pa y = (x − 3)² + 2, maso akaona minus amathamangira kumanzere, chonsecho galafuyo imapita kumanja.

Ndinasiya kuloweza malamulo. Pano ndimangodzifunsa kuti: kodi x akhale chiyani kuti za m'mabulaketi zikhale 0? Apa ndi 3. Ndiye kuti nsonga ya parabola (galafu yooneka ngati U), imene pa y = x² imakhala pa (0, 0), yafika pa (3, 2). Nambala yakunjayo sivuta, +2 imangokweza galafu m'mwamba.

Ndimayamba ndajambula pamanja, kenako n'kutsimikiza pa Desmos, pulogalamu ya pa intaneti yojambulira magalafu. Njirayi imagwiranso pa y = √(x + 4): galafu imayambira pa x = −4, choncho domain yake (manambala onse amene x angakhale) ndi x ≥ −4.