Kujambula Oimba Usiku Mukakhala M'dziko la Eni

Munthu akasamukira kunja, masabata oyambirira amathera m'mapepala, pa ntchito ndi pofunafuna pogona, ndipo zimenezi zikakhazikika ndi pamene madzulo a Loweruka amayamba kutalika. Ambiri amene ali ndi kamera amapeza kuti malo oimbira ndi amene amawatulutsa m'nyumba, chifukwa kumeneko munthu amatha kukhala pakati pa anthu ngakhale chilankhulo chisanalowe bwino. Komabe kujambula oimba kumavuta kuposa kujambula nyumba kapena mapiri, popeza kuwala kumakhala kochepa ndiponso kosinthasintha, ojambulidwawo sakhazikika, ndipo malowo ali ndi eni ake amene ali ndi malamulo awo. Ine ndimaona kuti mlendo amene akufuna zithunzi zabwino apindula kwambiri akasankha malo aang'ono ndi kudziwana ndi oimba, kusiyana ndi kuthamangira kugula kamera yodula.

Tiyambe ndi malowo. Mabwalo akuluakulu ndi maholo otchuka nthawi zambiri salola kamera imene lenzi yake imachotsedwa, ndipo lamulo limeneli limalembedwa pa tsamba la pa intaneti la malowo kapena m'timalemba ting'onoting'ono ta pa tikiti. Ngakhale atolankhani amene apatsidwa chilolezo chojambula amaloledwa kuima kutsogolo kwa nsanja pa nyimbo zitatu zoyambirira zokha, popanda fulashi, kenako amatulutsidwa. Oimba ena anafika poti amatseketsa mafoni a anthu onse m'timatumba ta Yondr, timene timatsegulidwa potuluka. Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi tsiku lina, pamene mlonda wa pakhomo anatsegula chikwama changa, anaona kamera, n'kundilozera kuchipinda chosungira majasi, ndipo ndinaonera nyimbo zonse ndili ndi kapepala ka nambala m'thumba, mtima uli ku kamera. Iye sanalakwe, ine ndi amene sindinawerenge tikiti.

Choncho funafunani timalo tating'ono: mabala okhala ndi kansanja pakona, usiku umene aliyense wofuna amaloledwa kukwera pa nsanja kukaimba, magulu a jazi amene amakumana pakati pa sabata, makwaya a m'tchalitchi, ndi oimba a m'misewu. Ngati muli ku France kapena m'mayiko ambiri amene anatengera mwambowu, tsiku la 21 Juni pamakhala chikondwerero cha nyimbo cha Fête de la Musique, chimene chinayamba mu 1982, ndipo oimba amadzaza m'misewu kwaulere. Kwa wophunzira tsikuli n'labwino pa chifukwa chinanso, chakuti ku Paris dzuwa limalowa nthawi itayandikira 10 koloko usiku, motero mumayeserera kujambula anthu oyendayenda kuwala kukadalipo. Ku London, chikondwerero cha m'misewu cha Notting Hill Carnival cha kumapeto kwa Ogasiti chimapereka mwayi wofananawo, ngakhale kuti khamu lake limafuna kuti lamba wa kamera akhale wokulunga padzanja nthawi zonse.

Mukapeza gulu limene mukufuna kulijambula, lilembereni uthenga waufupi kukadali masiku angapo. Nenani kuti ndinu wojambula wongokonda, kuti simugwiritsa ntchito fulashi, ndiponso kuti muwatumizira zithunzi zimene zituluke bwino. Magulu ongoyamba kumene kawirikawiri amavomera msanga, chifukwa nawonso amasowa zithunzi zoti aike pa zolengeza zawo. Chilolezo cha oimba sichilowa m'malo mwa chilolezo cha mwini malo, choncho pemphani kuti dzina lanu alisiye pakhomo. Fikani nthawi imene akuyesa zokuzira mawu, perekani moni kwa amene akuyendetsa mawu ndi magetsi, ndipo mufunseni malo amene mungaime osatchinga aliyense. Munthu ameneyu ndi amene amasankha mtundu wa kuwala pa nsanja, ndipo mukamulemekeza akhoza kukuuzani nyimbo imene ayatse magetsi oyera.

Pa nkhani ya zida, chimene chimapulumutsa mumdima ndi lenzi. Lenzi imene imabwera ndi kamera pogula, monga ya 18-55mm, imatseguka kufika pa f/3.5 yokha (nambala ya f ikachepa, bowo lolowera kuwala limakula), ndipo mukakoka chithunzi kuti chiyandikire imatsekeka kufika pa f/5.6. Lenzi yosakoka ya 50mm kapena 35mm yotseguka kufika pa f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi f/5.6, ndipo ndi imodzi mwa malenzi otsika mtengo pa mitundu yambiri ya makamera. Ngati kamera yanu ili ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) yaing'ono ya APS-C, ya 35mm ndiyo yabwino m'chipinda chopanikiza, chifukwa ya 50mm imaonetsa ngati ya 75mm kapena 80mm, moti mumangotenga nkhope ndi mapewa pamene mumafuna woimba ndi gitala yake. Miyendo yoimikira kamera isiyeni kunyumba, popeza imagwetsa anthu mumdima ndipo sithandiza kanthu pamene woyenda ndi woimbayo.

Manambala oyambira ndi awa, ndipo muwatchere musanalowe. Ikani kamera pa M kuti muziiyendetsa nokha, shutter (kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe) pa 1/250 ya sekondi, lenzi pa f/2, ndi ISO (muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala) pa 3200. Jambulani chithunzi chimodzi, yang'anani nkhope ya woimba, ndipo musinthe ISO yokha kufikira khungu litaoneka bwino. Woimba ng'oma ndi wovina amafuna 1/500 kuti ndodo ndi manja zisasanduke utsi, pamene woimba atakhala pa piyano pa nyimbo yodekha akhoza kutuluka bwino pa 1/125. Ambiri ongoyamba amaopa kukweza ISO chifukwa cha timadontho timene timadzaza chithunzi, ndiye amachedwetsa shutter, koma kumeneko n'kusankha vuto lalikulu pothawa laling'ono. Timadontho timachepetsedwa pa kompyuta ndipo nthawi zina timakongoletsa chithunzi cha usiku, koma nkhope imene yapakika chifukwa cha kugwedezeka siibwereranso. Musachite mantha kufika pa ISO 6400.

Chifukwa chimene simuyenera kusiyira kamera kuti izidzisankhira yokha n'chakuti imayeza kuwala kwa chithunzi chonse. Ikaona nsalu yakuda kumbuyo kwa nsanja, imaganiza kuti kuli mdima waukulu n'kuwonjezera kuwala, ndipo nkhope ya woimba imene ikuwombedwa ndi getsi imayera mbee, maso ndi mphuno osaoneka. Ngati simunazolowere M, sankhani kuti kamera iziyeza kuwala pa kadontho kamodzi, ndipo kadonthoko muzikaika pa tsaya la woimba. Komanso jambulani mu mtundu wa fayilo wotchedwa RAW, chifukwa fayilo imeneyi imasunga zambiri zimene zimakulolani kukonza mtundu wa khungu ndi kudzutsa malo amdima, zimene fayilo wamba ya JPEG imakhala itataya kale. Kagetsi kothandiza kamera kuona mumdima, kulira kwa kamera ndi kuwala kwa sikirini, zonsezi muzimitse kapena kuzichepetsa, chifukwa kagetsi kofiirira kamene kamawomba woimba m'maso kamakwiyitsa mofanana ndi fulashi.

Magetsi a LED, amene tsopano ali pafupifupi pa nsanja iliyonse, ali ndi mavuto awiri. Loyamba ndi lakuti amaphethira mofulumira kwambiri moti diso siliona, koma kamera imaona, ndipo mukagwiritsa ntchito shutter yopanda phokoso zithunzi zimatuluka ndi mizeremizere yopingasa. Mankhwala ake ndi kubwerera ku shutter yamakina ndi kuyatsa anti-flicker, njira yolimbana ndi kuphethirako, ngati kamera yanu ili nayo. Pojambula vidiyo kumbukirani kuti magetsi a ku Europe amayenda pa 50 Hz (muyezo wa liwiro limene mphamvu yake imasinthasinthira) pamene a ku United States ndi Canada amayenda pa 60 Hz, choncho shutter ya 1/50 kapena 1/100 ndiyo imagwirizana ndi oyambawo, ndipo 1/60 kapena 1/120 ndi enawo. Ku Japan zimatengera dera, Tokyo ili pa 50 ndipo Osaka ili pa 60. Vuto lachiwiri ndi getsi lofiira, limene limadzaza mtundu umodzi wokha mu sensa n'kufufuta makwinya, thukuta ndi zonse zimene zimapatsa nkhope moyo. Dikirani kuti getsi lisinthe, ndipo ngati usiku wonse uli wofiira, chepetsani kuwala pang'ono pojambula kenako musandutse zithunzizo kukhala zakuda ndi zoyera.

Zonsezi ndi za makina, koma chithunzi chenichenicho chimachokera m'khutu. Nyimbo zambiri zimabwereza kolasi, ndipo woimba amene wakweza dzanja kapena kutseka maso pa kolasi yoyamba adzachitanso chimodzimodzi pa yachiwiri. Choncho pa yoyamba ingoonani, pa yachiwiri kamera ikhale ili kale pa diso. Musaime moyang'anizana ndi woimba, chifukwa maikolofoni imatseka pakamwa ndipo chithunzi chimaoneka ngati munthu akudya chitsulo. Imani chapambali kuti pakhale mpata pakati pa milomo ndi maikolofoni. Ndikukumbukira mayi wina amene ankaimba m'chipinda chapansi chosakwana anthu 60. Pa nyimbo zinayi sanachotse maikolofoni pakamwa, ndipo zithunzi zanga zonse zinali zachabe. Pa yachisanu anakoka mawu aatali, anabweza mutu m'mbuyo, dzanja logwira maikolofoni linatsika kufika pachifuwa, ndipo getsi loyera linagwira mtsempha wa pakhosi pake ndi dontho la thukuta pachibwano. Zinatenga mwina masekondi awiri, ndipo chithunzi chimenecho ndi chokhacho chimene ndinasunga usiku umenewo. Musaiwalenso woimba ng'oma, amene amabisika kumbuyo ndipo sajambulidwa kawirikawiri. Iye ndi amene amasangalala kwambiri mukamutumizira chithunzi.

Amene ali ndi foni yokha asadzione ngati otsekeredwa kunja. Pukutani galasi la kamera, dinikizani chala pa nkhope ya woimba kufikira foni itatseka muyezo pamenepo, kenako tsitsani kuwala pang'ono. Musakoke chithunzi ndi zala kupitirira malenzi amene foniyo ili nawo, ndipo njira yojambulira usiku muisiye, popeza imaphatikiza zithunzi zingapo ndipo imafuna kuti chojambulidwa chisayende.

Kumayiko ozizira kuli msampha umene umagwira pafupifupi mlendo aliyense. Mukachoka panja pa chisanu n'kulowa m'chipinda chotentha chodzaza mpweya wa anthu, galasi la lenzi limachita nthunzi nthawi yomweyo, ndipo kupukuta sikuthandiza chifukwa imabwereranso. Siyani kamera m'chikwama chotseka kwa mphindi 15 kapena 20 kuti ifunde pang'onopang'ono, chimene ndi chifukwa chinanso chofikira msanga. Mabatire amatha msanga akazizidwa, choncho lapadera lizikhala m'thumba lam'kati mwa jasi, ndipo mukamakwera ndege mabatire apadera a lithium amayenera kukhala m'chikwama cha m'manja. Makutu nawonso muwateteze, chifukwa wojambula amaima pafupi ndi zokuzira mawu kuposa wina aliyense. Phokoso la madesibelo 85 munthu akhoza kukhalamo maola 8, koma likafika pa 100 nthawiyo imatsika kufika pa mphindi 15, ndipo 100 ndi mulingo umene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika mu 2022 kuti malo oimbira asapitirire. Zotsekera m'makutu zopangidwira oimba zimachepetsa phokoso popanda kupha kukoma kwa nyimbo.

Nkhani ya malamulo ndi imene mlendo ayenera kuisamala kuposa mbadwa. Woimba pa nsanja anabwera kudzaonedwa, koma munthu amene akuvina m'khamu sanavomere kuti nkhope yake ipezeke pa Facebook kapena Instagram. Ku Germany kuli lamulo la mu 1907 limene limateteza ufulu wa munthu pa chithunzi chake, moti kufalitsa chithunzi choonetsa munthu mmodzi bwinobwino popanda chilolezo kukhoza kukuikani m'mavuto, ngakhale kuti chithunzi cha khamu lonse pa msonkhano chimaonedwa mosiyana. Ku France nakonso ufulu umenewu ndi wamphamvu, ndipo m'mayiko onse a European Union lamulo la GDPR loteteza mauthenga okhudza anthu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaona chithunzi cha munthu wozindikirika ngati uthenga wokhudza mwiniwake umene uyenera kutetezedwa. Njira yosavuta ndi kujambula khamu chakumbuyo, mitu ndi manja zili zakuda pa kuwala kwa nsanja, ndipo ngati nkhope ina yakukopani, muonetseni mwiniwakeyo chithunzicho n'kupempha. Ana musawajambule popanda makolo kuvomera.

Samalaninso ndi ndalama. Gulu likasangalala ndi ntchito yanu likhoza kufuna kukulipirani, koma visa yanu ndi imene ikunena ngati mungalandire. Ku United Kingdom, mwachitsanzo, amene ali pa visa ya ophunzira saloledwa kudzilemba okha ntchito, ndipo kugulitsa zithunzi kumagwera m'gulu limenelo. Mukapatsidwa pepala loti musaine pakhomo, liwerengeni lonse, chifukwa mapepala ena amalanda umwini wa zithunzi zonse kuupereka kwa oimba.

Mukafika kunyumba, koperani zithunzi m'malo awiri musanafufute khadi. Pa zithunzi 400 sankhani 10 kapena 15 zokha, ndipo mutaye chilichonse chimene woimba waoneka ali ndi diso limodzi lotseka kapena pakamwa popotoka, ngakhale kuwala kwake kutakhala kokongola chotani, chifukwa iye adzayang'ana nkhope yake asanayang'ane china chilichonse. Zitumizeni mawa lake, anthu akadali kukamba za usikuwo, mulembe mayina a oimba molondola ndi zizindikiro zonse za chilankhulo chawo, ndipo mupemphe kuti akaziika pa intaneti atchule dzina lanu. Mu uthenga womwewo funsani kumene akaimbe sabata yotsatira.