Dimba ndi khola kudziko la chisanu

Unali mwezi wa Novembala, kuno ku Salima dzuwa likuswa mtengo, pamene mwana wa mlongo wanga anaimba pa WhatsApp ali ku Leeds, ku UK. "Amalume, nkhwani wanga wapsa usiku umodzi wokha, ngati wina wathira madzi owira." Anandionetsa pafoni masamba atada bii, atagona pansi. Ndinaseka, osati chifukwa chomunyoza, koma ndinakumbukira kuti inenso zinandionekera chaka changa choyamba ku Johannesburg, komwe ndinagwira ntchito yam'maluwa ndisanabwerere kumudzi.

Ife akunyanja chisanu sitichidziwa. Mwera ukaomba mu Juni timavala juzi n'kumadandaula, koma madzi a mumtsuko sanaumepo ngati ayezi ku Senga Bay kapena ku Chipoka. Salima ali pamamita pafupifupi 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Johannesburg ali pamamita oposa 1,700. Kumeneko usiku wa Juni ndi Julaye kuzizira kumafika pa madigiri 0, udzu n'kudzuka utayera mbuu. Madzi a mkati mwa tsamba amauma, timinofu take n'kuphulika, ndiye kupsa kuja. Ndipo musasokonezeke ndi mawu oti dzinja. Kwathu dzinja ndi mvula ndi kudzala. Nyengo yachisanu ya kunja ndi nthawi yomwe nthaka imagona.

Choncho dimba la nthawi yachisanu silidzalidwa chisanu chitafika. Mumadzala kukadali kofunda kuti mbewu zikumane ndi chisanu zitakula kale. Ku Joni fesani mu Malichi ndi Epulo: mpiru, repu, kabichi, sipinachi, nsawawa, anyezi, karoti ndi adyo. Ku UK miyezi yake ndi yotembenuka, chisanu chimakhala Disembala mpaka Febuluwale, ndiye kabichi ndi kale (ndiwo yamasamba yofanana ndi repu) wodya nthawi imeneyo afesedwe cha mu Meyi kapena Juni, adyo alowe m'nthaka mu Okutobala kapena Novembala. Kumeneko vuto si kuzizira kokha. Chakumapeto kwa Disembala ku London usana sukwana maola 8, ndipo kuwala kukachepera maola 10 mbewu zimangoima. Sizifa, sizikulanso. Zimakudikirani ngati chimanga m'nkhokwe, inu n'kumathyolako pang'onopang'ono. Kale womenyedwa ndi chisanu amatsekemera bwino, mudzandiuza.

Nkhwani, bonongwe, khwanya, therere, kholowa ndi tomato ndi za nyengo yotentha basi. Musalimbane nazo. Chitani zomwe ankachita agogo athu: kukadali masamba ambiri, futsani. Wiritsani pang'ono, yanikani mpaka aume gwaa, sungani m'botolo lotseka bwino poti masamba omangira chikwatu simuwapeza. Ku Joni dzuwa la Epulo limaumitsa mfutso masiku owerengeka. Ku UK, komwe dzuwa ndi mlendo, wiritsani, finyani, ikani mufiriza m'timapaketi tokwanira mphika umodzi. Mfutso wotendera usiku wa chisanu, nsima ili pambali, umachiza mtima wolakalaka kumudzi kuposa foni.

Malo odzala asankheni ndi maso. Ku South Africa khoma loyang'ana kumpoto ndi lomwe limawombedwa ndi dzuwa, ku UK ndi loyang'ana kummwera. Khoma lotere limasunga kutentha masana n'kumakubweza usiku. Pewani kunsi kwa bwalo chifukwa mpweya wozizira umatsikira m'munsi ngati madzi. Ngati pabwalo ndi pasimenti, zidebe, mabokosi ndi matumba obowola pansi zimagwira ntchito. Thirirani m'mawa dzuwa litatuluka, osati madzulo monga timachitira kumadimba a kwathu. Nyengo ikalengezedwa kuti usiku kuzizira kwambiri, fundikani mbewu ndi nsalu yake yogula, masaka kapena nsalu yakale, m'mawa n'kuvundukula. Ku Joni chisanu chake n'chouma, kuthirira kumafunikabe. Ku Cape Town ndi ku UK mvula imagwa nthawi yomweyo, ndiye kwezani mabedi kuti mizu isaole, ndipo ku UK ikani ukonde chifukwa njiwa zimatha kabichi tsiku limodzi.

Za mbewu, kamodzi kokha: musamabise njere m'chikwama podutsa pachipata cha dziko. Mayiko ambiri amafuna chikalata cha zaumoyo wa mbewu. Mpiru, maungu ndi bonongwe zimagulitsidwa komweko.

Tsopano nkhuku, pomwe ndinalakwitsa kwambiri. Ndinali ndi misoti isanu kuseri kwa nyumba ya abwana, atandilola. Chisanu chitafika ndinazimvera chisoni, ndinatseka khola lonse ndi mapepala apulasitiki osasiya ndi kabowo komwe. Patatha sabata ziwiri, ndikatsegula m'mawa fungo la chitosi linkandilasa m'maso, denga likudontha thukuta, utuchi uli chinyezi. Nkhuku zinayamba kuyetsemula, ziwiri zinafa. Mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana anabwera, anang'amba pulasitiki ya m'mwamba osandifunsa n'komwe, n'kundiuza kuti nkhuku inabadwa ndi bulangete lake.

Ankanena zoona. Nkhuku yaikulu imafufumitsa nthenga n'kusunga kutentha kwake, imapirira kuzizira kuposa momwe imapiririra kutentha kwa Okutobala wa ku Salima. Chomwe chimaipha ndi chinyezi ndi mpweya woipa. Mpweya womwe zimapuma ndi chitosi chawo zimatulutsa nthunzi, nthunziyo ikasowa potulukira imakhala pa lipombo ndi zala, n'kuuma ngati ayezi pomwepo. Tsekani mbali yomwe mphepo imachokera, pamlingo womwe nkhuku zimagona, koma pansi pa denga siyani mpata wotchinga ndi waya. Utuchi kapena udzu wapansi ukhale wochindikala ndi wouma, ukanyowa chotsani, muunjike pambali uwolerane miyezi ingapo, ndiwo manyowa a dimba lija. Chitosi chachiwisi chimatentha mbewu. Mtanda wogonapo ukhale thabwa lotambalala kuti nkhuku ikakhala iphimbe zala ndi nthenga za pamimba. Mbaula m'khola ayi, ndipo m'chipinda chanu chotseka ayinso. Utsi wa makala wosaoneka uja wapha anthu ambiri ali m'tulo. Ofunika moto ndi anapiye okha, omwe sabata yoyamba amafuna madigiri 32 mpaka 35, n'chifukwa chake kuswetsa kudikire kufunde.

Madzi akumwa amauma usiku. Khalani ndi ziwiya ziwiri, china chigone m'nyumba, m'mawa musinthe ndi madzi ofunda. Thadzi loikira limadya magalamu pafupifupi 120 a chakudya chake patsiku, ndipo kukazizira limafuna ochulukirapo. Kachimanga kodzaza dzanja madzulo kamathandiza, koma madeya okhaokha monga timachitira ndi nkhuku zachikuda zoyendayenda sangakwane, poti pansi pouma gwaa palibe chiswe kapena nyongolotsi zoti zipalase. Ikaninso beseni la mchenga wouma wosakaniza ndi phulusa pamalo osanyowa kuti zizisamba, utitiri usachuluke.

Mazira akachepa musathamangire mpeni kapena kuganizira anthu zoipa. Nkhuku imaikira bwino kuwala kukamafika maola 14, ndipo chisanu chisanayambe imathothoka nthenga n'kumera zina, mphamvu zonse zimapita kumeneko. Ena amayatsa babu m'bandakucha kuti awonjezere maola. Ine ndinkazisiya zipume, mu Ogasiti zinkayambiranso zokha.

Malamulo nawo alipo, ndipo mlendo ndi amene amayamba kulozedwa chala. Funsani mwini nyumba ndi khonsolo musanagule nkhuku, makamaka tambala, poti kulira kwake kwa m'mamawa kumene kuno timakuyesa wotchi, kumeneko ndi mlandu. Ku England, kuyambira pa 1 Okutobala 2024, aliyense woweta nkhuku ngakhale imodzi ayenera kulembetsa kuboma, ndipo chimfine cha mbalame chikabuka amatha kulamula kuti zonse zitsekeredwe mkati. Kupatsa nkhuku zotsala za kukhitchini n'koletsedwanso, ngakhale makoko a nsima. Ndipo nkhandwe za kumeneko zimayenda m'tauni ngati agalu, choncho waya ukwiriridwe pansi, chitseko chitsekedwe dzuwa likangolowa.

Mwana wa mlongo wanga uja nditamufotokozera zonsezi anafunsa chochita ndi nkhwani wakupsayo. Ndinamuuza kuti azule aponye pamulu wa manyowa, pamalopo akwirire adyo mlunguwo usanathe, ndipo maungu ena asadzale panja mpaka kumapeto kwa Meyi.