Mankhwala a BP: zimene amachita m'mitsempha ndi kamwedwe kake

Mitsempha yotenga magazi kuchokera ku mtima ili ndi timinofu m'makoma mwake. Kwa munthu wa BP timinofuti timakhala tofinya, njira ya magazi n'kuchepa, ndipo pomuyeza amapezeka ndi 140/90 kapena kupitirira. Zikatenga zaka, makomawo amakhuthala n'kuuma. Sitiroko ndi matenda a impso amayambira pamenepo.

Onani dzina la mankhwala m'buku lanu la kuchipatala, chifukwa sagwira ntchito mofanana.

Amlodipine, wa 5 mg kapena 10 mg kamodzi patsiku, amatchinga calcium, chinthu cha m'thupi chothandiza minofu kufinya, kuti asalowe m'timinofu tija, ndiye mtsempha umamasuka. Mphamvu yake imakhazikika pakatha pafupifupi sabata, choncho musamuweruze pa masiku awiri. Ena amatupa mapazi madzulo chifukwa timitsempha tikatseguka, madzi amatsikira m'munsi. Kawirikawiri si vuto la impso, koma kawaonetseni adokotala.

Enalapril amaletsa thupi kupanga angiotensin II, yemwe amafinya mitsempha. Ena amawapatsa chifuwa chouma chosamva mankhwala, ndipo chikatero adokotala amakusinthirani mankhwala. Mayi woyembekezera asamwe, amavulaza mwana m'mimba.

HCTZ amatulutsa mchere ndi madzi kudzera mu mkodzo, ndipo pakapita masabata mitsempha nayo imafewa. Imwani m'mawa, kuopa kuchezera kupita panja usiku.

Kuno ku Salima samalani ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Dzuwa nalo limatsegula mitsempha, thukuta n'kuchotsa madzi m'thupi, ndiye BP itha kutsika kwambiri. Podzuka pamphasa yambani mwakhala tsonga kwa mphindi imodzi, kenako imirirani, ndipo muzimwa madzi okwanira. Chizungulire chikapitirira kayezetseni, musadzichepetsere mlingo nokha.

Ambiri amalakwitsa posiya kumwa akauzidwa kuti BP yatsika. Yatsika chifukwa mankhwala ali m'magazi. Akatha, mitsempha imafinyanso, ndipo nthawi zambiri simumva kanthu. Amene mumamwa atenolol, mtundu wina wa mankhwala a BP, kumusiya mwadzidzidzi kumathamangitsa mtima moopsa. Mukaiwala tsiku limodzi, mawa lake musamwe awiri.

Zina zimabweza ntchito ya mankhwalawa m'mbuyo. Bufeni ndi diclofenac ogula paokala amasunga mchere m'thupi, choncho pa ululu wamba sankhani panado. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wothira mu usipa, m'ndiwo zamasamba ndi wonyunya pa chambo chootcha.