Dziko lanu longopeka liyambire pa madzi

Inu amene mukulemba nkhani za maiko ongopeka, musathamangire mayina a mafumu ndi mapu. Yambani ndi madzi: anthu anuwo amatunga kuti, ndipo akasowa amayamba kuvutika ndani? Mukayankha zimenezi, mikangano, malamulo ndi malonda zimabwera zokha.

Ngati nkhani ikuchitikira ku Mars, lemekezani zomwe zilikodi. Chaka cha kumeneko chimatenga masiku athu 687, ndipo uthenga wa wailesi umayenda mphindi 3 mpaka 22 kuti ufike kuno. Ndiye kuti mayi sangacheze ndi mwana wake pafoni monga timachitira ife, amalankhula n'kudikira. Kudikirako musakudumphe chonde, n'kumene kumagwira mtima wa owerenga.

Matsenga nawonso asakhale aulere. Wamatsenga akaitana mvula, tionetseni chimene wataya.