Pitani ku damu m'bandakucha, nsomba zisanabanike

Alimi anzanga a nsomba, ikafika miyezi ya Okutobala ndi Novembala ndimamva dandaulo limodzimodzi: dzulo madzulo zonse zinali bwino, lero m'mawa makumba ali yandayanda, mimba m'mwamba. Ambiri amayamba kukayikira anansi kuti athira mankhwala m'damu. Kawirikawiri palibe wathira kanthu, nsombazo zimakhala zitabanika.

Nsomba imapuma mpweya wotchedwa okosijeni, amene wasungunuka m'madzi, ndipo amakhala wochepa zedi. Madzi opanda mchere akakhala pa madigiri 25, lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 8 okha, ndipo akafika madigiri 30 amatsika kufika cha m'ma 7.5. Madzi a m'nyanja zamchere amasunga wocheperapo chifukwa cha mcherewo. Mpweyawu umalowa pamwamba pamene mphepo ikugwedeza madzi, ndipo wina umapangidwa ndi ndere, tizomera timene timabiriwitsa damu, dzuwa likamawala. Ngakhale nyanja yathu ya Malawi, ndi mwera wake wonse uja, madzi ake akapitirira mamita pafupifupi 250 kupita pansi alibe okosijeni, ndipo kumeneko sikukhala nsomba. Nanga kadamu kanu kobisika m'nthochi, kopanda kamphepo?

Vuto lagona usiku. Dzuwa likalowa ndere zimasiya kupanga okosijeni n'kuyamba kumugwiritsa ntchito. Nsomba zikupuma, madeya otsala ndi zitosi zomwe zikuwola pansi nazonso zikumudya. Pofika m'bandakucha amakhala atatsala pang'ono kutha, makamaka ngati dzulo lake kunali mitambo. N'chifukwa chake mlimi wongopita ku damu masana amanamizika, chifukwa nthawi imeneyo mpweya umakhala utabwerera.

Choncho lawirirani, dzuwa lisanatuluke. Mukapeza nsomba zaunjikana pamwamba kapena polowera madzi, zikuyasama pakamwa, musadikire. Tsegulani ngalande kuti mulowe madzi atsopano, ndipo azigwa kuchokera m'mwamba pamiyala kapena pathabwa kuti azimwazika. Ngati madzi olowetsa palibe, menyani pamwamba pa damu ndi nsungwi, kapena tungani ndi ndowa n'kumakhuthula momwemo. Musalowe n'kuvundula matope, chifukwa m'menemo mumakhala mpweya wonunkha ngati dzira lowola, umene ndi chiphe kwa nsomba. Tsiku limenelo musadyetse. Ndikudziwa kuti zimawawa mtima kuona ziweto zikugona ndi njala, koma nsomba yokhuta imafuna okosijeni wambiri kuposa yanjala.

Musanyengedwenso ndi mlamba. Iwo uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja, kotero umatha kuoneka wamphamvu pamene makumba ndi chilunguni zikufa.

Pa nkhani ya manyowa, amene amachulukitsa ndere m'damu, mkono wanu ndi muyeso wokwanira. Uviikeni m'madzi mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, madzi ndi osabereka, onjezani manyowa. Chikazimiririka mkono usanafike n'komwe pakati, ndere zachulukitsa: siyani kuthira zitosi, sinthani ena mwa madziwo, ndipo muyesenso pakatha masiku angapo. Dulaninso nthambi zotchinga mphepo ndi dzuwa m'mbali mwa damu. Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa pambuyo pa masiku otentha, imatha kukweza madzi apansi pa damu amene amakhala opanda mpweya, choncho m'mawa wake mukafike ku damu ndi ndowa m'manja.