Momwe mungasankhire ampu ya mavalavu ya rock ndi metal kuno ku Mzuzu

Anyamata ambiri akamandifunsa za ampu (chokuzira mawu a gitala) amayambira pa dzina, eti achimwene Marshall ikupita pa zingati. Yambani mwadzifunsa kaye kuti mumaimba zotani, chifukwa ampu yokoma pa rock yakale ikhoza kukugwiritsani mwala pa metal.

Choyamba onani mavalavu akuluakulu, timabotolo tagalasi tokuza mawu mu ampu. Marshall JCM800 yomwe inatuluka mu 1981 nthawi zambiri imakhala ndi EL34, mawu ake ndi okalipa ndipo amaboola pakati pa ng'oma ndi besi, ndiye wa hard rock ndi metal ya m'ma 80 apite kumeneko. Fender Twin Reverb ili ndi 6L6, ma watts 85, clean yake (mawu oyera) siisweka msanga olo mukweze bwanji, yabwino kwa ife amene Lamulungu timaimbanso kutchalitchi, distortion (mawu osweka) mumangotenga ku pedal, kabokosi kopondera ndi phazi. Vox AC30 ndi ya EL84, ma watts 30, imasweka msanga koma mokoma, ya rock yofewerapo. Ngati mumatchuna mawaya motsitsa n'kumaimba metal yolemera funani Peavey 5150 ya 1992, imene pano ikutchedwa 6505, kapena Mesa Boogie Dual Rectifier. Zimenezinso ndi za 6L6 koma ukali wake ukuchokera ku timavalavu ting'onoting'ono ta 12AX7 takutsogolo. Ine 5150 ndimaikonda, koma clean yake musaidalire.

Chachiwiri, ndipo apa ndiye ndichedwepo: musanalowetse pulagi pakhoma zungulirani kumbuyo muwerenge ma volts. Magetsi athu ndi 230V, pamene ampu zopangidwira msika wa ku America ndi za 120V. Yanga yoyamba ndinagula kwa munthu wina wooda katundu kunja, anali atadula pulagi yake yeniyeni n'kuikapo yamano atatu yathuyi, osanena kanthu, ine kuona pulagi yozolowereka ndinangoti zili bwino. Kuyatsa kokha fyuzi inaphulika, fungo la waya wopserera m'nyumba monse, thiransifoma yapita. Kupeza woikulunganso inali ntchito, ndalama yake pang'ono kufanana ndi ya ampuyo, ndipo wogulitsayo foni anasiya kuyankha. Ndiye pulagi isakunamizeni, werengani zolembedwa pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Pakalembedwa 120V mukufunika step-down (thiransifoma yotsitsa ma volts) yamphamvu kuposa imene ampu imakoka pakhoma, ndipo ma watts amenewo ndi ochuluka kuposa ma watts a mawu amene ampuyo imatchulidwa nawo, monga 100, tima step-down totchipa totchajira mafoni sitingathe. Ngati chikwangwanicho chafufutika kapena achimatula, isiyeni olo mtengo ukhale wotsika chotani. Tulutsaninso fyuzi muione, ena amakulungapo waya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya kuti iyake pa tsiku logulitsa.

Muli komweko onani ma ohms. Sipika ya 16 ilowe pa soketi ya 16, ya 8 pa 8, ndi chingwe cha sipika osati cha gitala. Ampu ya mavalavu siyatsidwa yopanda sipika, mupsereza output transformer, thiransifoma yotumiza mawu ku sipika.

Tsopano kuyesa. Bwerani ndi gitala yanu, osati ya wogulitsa. Yatsani power, dikirani mphindi imodzi mavalavu atenthe kenako yatsani switchi ya standby kuti mawu atuluke. Bass, mid, treble zonse pakati, imbani chinthu chimodzimodzi pa ampu iliyonse, ndipo kwezani ndithu chifukwa motsitsa zonse zimamveka bwino. Wa metal agwire mawaya ndi chikhatho n'kukhapa waya wokhuthala uja, besi ikamamwazika ikani pedal ya Tube Screamer pakati pa gitala ndi ampu, drive pansi level pamwamba, imamanga bwinobwino makamaka pa Rectifier. Wa rock atsitse volume ya pa gitala amve ngati mawu akuyera.

Zotsalazi mwachangu. Ma watts 100 m'nyumba ya lendi ku Chibavi kapena Zolozolo mukangana ndi alandilodi, Orange Tiny Terror ya 15 ikukwanirani. Gogodani mavalavu pang'ono ndi pensulo, valavu ikalira kwambiri pa sipika yatha. Manja asalowe mkati, muli ma volts opitirira 400 ndipo amatsalira olo mutazimitsa. Magetsi akathima zulani pulagi. Chinyezi cha kuno nthawi ya mvula chimachititsa dzimbiri masoketi, osaisiya pa simenti. Mavalavu apadera itanitsiranitu kwa opita ku Dar es Salaam kapena Johannesburg, akuluwo akhale matched (ofanana mphamvu), ndipo woika akonzenso bias (mlingo wa magetsi odutsa m'mavalavu) ngati ampuyo imafuna zimenezo.