Wotchi ya agogo inkathamanga

Wotchi ya m'thumba yopangidwa ku Switzerland, imene agogo anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Johannesburg, inayamba kuthamanga, kupitirira ndi mphindi 20 pa tsiku. Mtima unandiwawa kwambiri. Poyamba ndinkati n'chisanu cha kuno ku Dedza, koma ayi. Ndinkaigoneka pamwamba pa sipika ya wailesi, ndiye maginito anagwira kasipuling'i kake kopyapyala ngati tsitsi, kamene kamawongolera kagundidwe. Kakamatana kamafupika, wotchi n'kumafulumira. Nditaiyandikiza ku kampasi, singano inagwedezeka. Mmisiri wina pa boma anaidutsitsa pa kamakina kochotsa maginito, osaitsegula n'komwe. Pano imagona m'kabokosi ka thabwa, kutali ndi wailesi ndi foni, ndipo m'mawa uliwonse ndimapukusa kamutu kake pang'onopang'ono monga ankachitira agogo.